Funsani Aphunzitsi: Fizikisi ya ku sekondale

Makalata ambiri amene afika kwa ife mwezi uno ndi okhudza Fizikisi, ndipo sitinadabwe, chifukwa a Fomu 4 ayamba kuwerenga masiku pamene a Fomu 2 akuganizira za maphunziro oti adzatenge chaka chamawa. Tasankhapo makalata asanu ndi imodzi n'kuwafupikitsa kuti akwane pa tsamba lino, ndipo mayina a olemba ndi a sukulu zawo tawachotsa monga timachitira nthawi zonse.

Ndimaloweza zonse koma masamu amandigwetsa

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndili mu Fomu 3 pa sukulu ina yoyendera. Manotsi onse a Fizikisi ndimakopera, ndimawawerenga mpaka usiku, ndipo matanthauzo ndi mafomula ndimawanena pamtima osalakwitsa. Koma mayeso akabwera ndimangokhoza mafunso ofotokoza, a masamu aja ndimangowayang'ana mpaka nthawi kutha. Teremu yatha ndinapeza malikisi 38 pa 100. Kodi mwina phunziroli si la mutu wanga? Mnyamata wa Fomu 3, Ntcheu.

YANKHO: Mwana wanga, munthu amene angathe kunena mafomula onse pamtima mutu wake ulibe vuto, chimene chikukugwetsa ndi kawerengedwe kako. Fizikisi saiwerenga manja atapinda, maso ali pakope. Imafuna pensulo, pepala ndi kalikuleta, chifukwa amene amakonza mayeso ku MANEB sakhutira ndi kungomva kuti fomula umaidziwa: amakusimbira nkhani ya galimoto, ya mwala wakugwa kapena ya waya, n'kukusiya kuti uone wekha fomula imene ikuyenera pamenepo, ndipo luso limenelo limabwera pokhapokha ukasova mafunso ambiri ndi dzanja lako.

Tiye tisove funso limodzi pano kuti uone chimene ndikunena. Minibasi yolemera makilogalamu 2,000, kuphatikizapo anthu ndi katundu, ikuthamanga makilomita 72 pa ola mumsewu wa M1 kuchokera ku Ntcheu kupita ku Dedza. Dalaivala waona mbuzi zikudutsa, waponda mabuleki, ndipo minibasi yaima patatha masekondi 5. Akufunsa zinthu zitatu: deceleration (kutsika kwa liwiro pa sekondi iliyonse), mtunda umene yayenda isanaime, ndi force ya mabuleki. Usathamangire fomula. Jambula kaye kamzere koimira msewu, kabokosi koimira minibasi ndi muvi wosonyeza kumene ikupita, kenako lemba pambali nambala zonse zimene wapatsidwa pamodzi ndi mayunitsi ake. Uona kuti nambala zolembedwa ndi zitatu zokha, koma pali yachinayi imene yabisala m'mawu akuti "yaima", yomwe ndi liwiro lomaliza la 0. Ophunzira ambiri amakakamira pomwepa, n'kumadandaula kuti funso silinapereke zokwanira. Chinanso, makilomita pa ola sayendera limodzi ndi masekondi, choncho uyenera kuwasintha: mamita 72,000 ukawagawa ndi masekondi 3,600 a mu ola limodzi, upeza mamita 20 pa sekondi.

Zotsalazo n'zosavuta. Liwiro latsika kuchoka pa 20 kufika pa 0 m'masekondi 5, kutanthauza kuti sekondi iliyonse limatsika ndi 4, ndiye deceleration ndi 4 m/s². Popeza liwirolo limatsika mofanana, avereji yake ndi 10 m/s, ndipo ukachulukitsa ndi masekondi 5 upeza mtunda wa mamita 50, pafupifupi theka la bwalo la mpira. Force ndi mass kuchulukitsa ndi deceleration, 2,000 kuchulukitsa ndi 4, zomwe zikupereka 8,000 N.

Ukapeza yankho, usafulumire kutseka kope. Lione ngati ndi lomveka. Woiwala kusintha mayunitsi akanapeza 14.4 m/s², nambala yoposa ya chinthu chogwa kuchokera padenga, yomwe ndi pafupifupi 10 m/s², ndipo palibe mabuleki a minibasi yodzaza amene angagwire mwamphamvu chotero. Kenako sintha funsolo wekha: ikanakhala kuti imathamanga makilomita 36 pa ola, mabuleki omwewo akanaiimitsa pa mamita angati? Ukasova upeza mamita 12.5. Liwiro lachepa ndi theka koma mtunda wachepa kanayi, ndipo ichi ndicho chifukwa chake galimoto zimayenera kuchepetsa liwiro podutsa pamalo a malonda monga pa Lizulu. Amene wasova funso mwa njira imeneyi saiwalanso kuti kinetic energy, mphamvu imene chinthu chimakhala nayo chikamayenda, imadalira sikweya ya liwiro.

Kuyambira lero, pa ola lililonse limene wapatula la Fizikisi, mphindi 15 zokha zikhale zowerenga manotsi ndipo zotsalazo zikhale zosova. Tenga zitsanzo za m'buku, phimba yankho ndi pepala, sova wekha, kenako fananitsa. Funso limene lakukanika uliike chizindikiro ndipo ulibwerere pakapita masiku awiri osayang'ana m'buku. Ndiponso pa mayeso uzilemba sitepe iliyonse, chifukwa wochonga amapereka malikisi pa fomula, pa kuika nambala m'malo mwake ndi pa yuniti, kotero kuti ngakhale kalikuleta itakusocheretsa pomaliza sutuluka chimanjamanja.

Pasukulu pathu palibe labotale

FUNSO: Aphunzitsi, pasukulu pathu palibe labotale. Zipangizo zochepa zimene zilipo zimakhala m'katoni mu ofesi ya ahedi, ndipo timangozionera patali aphunzitsi akamasonyeza kutsogolo kwa kalasi ya ana oposa 80. Mayeso a MSCE ayandikira koma sindinagwirepo ammeter ndi dzanja langa. Kodi pepala la practical ndidzalilemba bwanji? Mtsikana wa Fomu 4, Mchinji.

YANKHO: Dandaulo lako ndi loona, mwana wanga, ndipo sindikufuna kukunamiza kuti labotale ndi yosafunika. Si chilungamo kuti wophunzira wa sukulu yoyendera ya kumudzi alembe pepala limodzi ndi mnzake amene wakhala zaka zinayi akugwira zipangizo, koma poti mayeso sadikira kuti labotale imangidwe, tiye tione zimene ungachite m'masabata amene atsalawa.

Chimene pepala la practical limayesa kwenikweni ndi ngati ungatsatire malangizo, kuyeza molondola, kulemba zimene wapeza mu tebulo lokhala ndi mitu ndi mayunitsi, kujambula girafu, ndi kunena chimene girafuyo ikusonyeza. Zonsezi ungaziphunzire pakhomo. Tenga ulusi wolimba, nati yachitsulo kapena kamwala, tepi ya telala, ndi foni ya munthu aliyense pakhomopo, chifukwa ngakhale mafoni ambiri a mabatani amakhala ndi stopwatch. Mangirira ulusiwo pa phaso la khonde kapena pa nthambi, pamalo opanda mphepo, ndipo uyeze kuchokera pamene wamangapo kufika pakati pa natiyo, osati pamwamba pake, kuti pakhale masentimita 100. Ikokere pambali pang'ono chabe, uisiye osaikankha, ndipo uone nthawi imene itenge kuti ipite ndi kubwera ka 20. Poyamba kuwerenga unene "ziro" osati "wani", chifukwa ambiri amathera pa maulendo 19 akuganiza kuti akwana 20. Upeza masekondi pafupifupi 40, kutanthauza masekondi 2 pa ulendo umodzi. Chifukwa choyezera maulendo 20 m'malo mwa umodzi, lomwe ndi funso lokonda kubwera pa mayeso, n'chakuti chala cha munthu chimachedwa kudina ndi kachigawo ka sekondi, mwina 0.2, kuchedwa kumeneku ndi kwakukulu pa masekondi 2 koma n'kochepa kwambiri pa masekondi 40.

Bwereza zomwezo ulusi utaufupikitsa kufika pa masentimita 80, 60, 40 ndi 25, ndipo pa kutalika kulikonse uyeze kawiri n'kutenga avereji. Pa masentimita 25 upeza kuti ulendo umodzi ukutenga sekondi imodzi: ulusi wafupika kanayi, nthawi yachepa ndi theka. Ukajambula girafu ya sikweya ya nthawi ya ulendo umodzi moyang'anizana ndi kutalika kwa ulusi, madontho ako ayenera kundanda pa mzere wowongoka wodutsa pa ziro. Apa ndi pamene malikisi ambiri amatayikira. Sankha sikelo yoti girafu itenge theka la pepala kapena kuposerapo, lemba dzina ndi yuniti pa mzere uliwonse wa m'mbali, ika madontho ndi pensulo yosongoka, ndipo ujambule mzere umodzi ndi rula wodutsa pakati pa madonthowo, osati wolumikiza dontho ndi dontho mokhotakhota. Ukagwiritsa ntchito fomula ya g = 4π²L/T² (g ndi kukwera kwa liwiro la chinthu chakugwa pa sekondi, L ndi kutalika kwa ulusi, T ndi nthawi ya ulendo umodzi) pa ulusi wa mita imodzi, 39.5 kugawa ndi 4, upeza pafupifupi 9.9 m/s², nambala yoyandikana kwambiri ndi 9.8 ya m'mabuku. Ikatuluka 9.5 kapena 10.2, lemba yomweyo n'kufotokoza chimene chingakhale chitasokoneza. Wochonga wozindikira amaidziwa tebulo imene nambala zake zakonzedwa kuti zifanane ndi za m'buku. Pomaliza sintha natiyo uike yolemera kuposa yoyamba, ndipo udzadabwa kuona kuti nthawi siisintha.

Ntchito ya density, yomwe ndi mass ya chinthu kugawa ndi volume yake, nayonso ndi yotheka. Sirinji yatsopano yopanda singano, ya mamililita 20, ya ku famase, ingakuthandize kulemba mizere ya mamililita pa botolo lopyapyala la pulasitiki, ndipo ukaponyamo kamwala, kukwera kwa madzi ndiko volume ya kamwalako. Kumbukira kuti mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi, choncho ndi rula yoikidwa pa pensulo ungathe kuyeza kulemera kwa kamwalako pogwiritsa ntchito lamulo la moments, n'kuphunzira mitu iwiri pa tsiku limodzi.

Za zipangizo zoyezera magetsi zokha, ammeter ndi voltmeter, palibe njira yachidule, uyenera kuzigwira. Safunsa anadya phula: sonkhanani anayi kapena asanu, mupite mwaulemu kwa aphunzitsi anu a Fizikisi mukawapemphe ola limodzi madzulo ndi katoni ija, kagulu ndi kagulu. Sukulu za sekondale zinaikidwa m'magulu otchedwa makilasita, ndipo si zachilendo kuti ahedi apemphe mnzawo wa sukulu yoyandikana yokhala ndi labotale kuti ana awo akagwiritse ntchito Loweruka. Ukaigwira ammeter, yamba wawerenga timizere ta pakati pa nambala ziwiri kuti udziwe kuti kamzere kamodzi kakuimira chiyani, uiyang'ane molunjika osati chammbali, ndipo uzolowere kuiika mu series (motsatana ndi babu pa njira imodzi) pamene voltmeter imaikidwa mu parallel (pa njira yakeyake pambali pa babu).

Mutu wa magetsi umandisokoneza

FUNSO: Mitu ina ya Fizikisi ndimaimva, koma wa magetsi umandisokoneza chifukwa zimene akunena sizioneka ndi maso. Current, voltage ndi resistance zimangondisakanikira. Ndiyambire pati? Wophunzira wa Fomu 4, Balaka.

YANKHO: Yambira pochotsa ganizo limodzi lolakwika limene ophunzira ambiri amabwera nalo, lakuti current imatha ikamadutsa mu babu. Siitha. Current imene yatuluka mu batire ndi yomweyo imene imabwerera, ndipo ammeter ingasonyeze nambala yofanana kutsogolo ndi kumbuyo kwa babu. Chimene chimasiyidwa mu babumo ndi energy, yomwe imasanduka kuwala ndi kutentha. Voltage imatiuza kuchuluka kwa energy imene coulomb iliyonse (yuniti yoyezera charge ya magetsi) yanyamula kapena yasiya pakati pa malo awiri, current imatiuza ma coulomb amene akudutsa pa sekondi, ndipo resistance ndi voltage kugawa ndi current.

Peza mabatire awiri a tochi, a 1.5 V lililonse, timababu tiwiri ta tochi yakale ndi timawaya ta wayilesi yakufa. Ukalumikiza timababuto motsatana pa njira imodzi (series), tiziwala mofooka, ndipo ukachotsa kamodzi kanzake kazima. Ukapatsa kalikonse njira yakeyake kuchokera ku mabatire (parallel), tonse tiziwala kwambiri, ndipo ukachotsa kamodzi kanzake kapitiriza kuwala. Umu ndi mmene nyumba zimalumikizidwira, n'chifukwa chake babu la kuchipinda likapsa la pabalaza silizima. Ngati wapeza timababu ta LED tokha, dziwa kuti timayaka mbali imodzi yokha, choncho kakakana kuyaka katembenuze. Nambala zake zimagwirizana ndi zimene waonazo: ma resistor a 6 Ω ndi 3 Ω pa batire la 6 V amapanga 9 Ω mu series, current n'kukhala 0.67 A, koma mu parallel amapanga 2 Ω yokha, current n'kukwera kufika 3 A. Yankho la parallel liyenera kukhala locheperapo kuposa resistor yaing'ono kwambiri. Likaposa, walakwitsa penapake, ndipo kawirikawiri ndi kuiwala kutembenuza fulakishoni pomaliza. Ndikuchenjeze mwamphamvu kuti zonsezi ndi za mabatire okha. Magetsi a pa soketi ndi a 230 V ndipo amapha.

A pa soketiwo uziwaphunzira ndi pensulo. Tembenuza ketulo uone kambale kolembedwa pansi pake. Ngati ndi ya 2,000 W, gawa ndi 230 V ndipo upeza kuti imakoka pafupifupi 8.7 A, zomwe fyuzi ya 13 A ya m'pulagi ya mano atatu imapirira. Koma ukaika ketuloyo, ayironi ya 1,200 W ndi hotipuleti ya 1,000 W pa ekisitenshoni imodzi, zonse pamodzi ndi 4,200 W, current n'kupitirira 18 A, ndipo fyuzi iyenera kupsa. Ngati wina anaichotsa n'kuikamo waya wamba, chimene chimapsa ndi nyumba. Yuniti imodzi imene makolo ako amagula ku ESCOM ndi kilowatt-hour imodzi. Ketulo ija imaimaliza m'mphindi 30, pamene babu la LED la 10 W limatenga maola 100.

Popeza uli ku Balaka, mutu wa majenereta ndi mathiransifoma uli pakhomo pako. Madzi a mu Shire amadutsa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, pamene amawongoleredwa, n'kutsikira ku Nkula, kumene siteshoni yoyamba inayamba kugwira ntchito mu 1966, kenako ku Tedzani ndi ku Kapichira. Pamalo onsewa madzi akugwa amazunguza turbine, turbine imazunguza maginito pafupi ndi makoyilo a waya, ndipo magetsi amabadwa mwa njira imene Michael Faraday anaitulukira mu 1831, yomwe ndi njira yomweyo ya dayinamo ya njinga. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anagwiritsa ntchito dayinamo yotero pamene anamanga makina ake oyendera mphepo mu 2002, atawerenga mabuku a mu laibulale yaing'ono. Sova wekha: madzi okwana cubic metre imodzi amalemera makilogalamu 1,000, ndipo akagwa mamita 50 amapereka 1,000 kuchulukitsa ndi 10 kuchulukitsa ndi 50, omwe ndi ma joule 500,000. Akamagwa ma cubic metre 100 pa sekondi, ndiye ma megawatt 50, tisanachotse zotayika m'makina. Ukamvetsa masamu amenewa, umvetsanso chifukwa chimene EGENCO, kampani yopanga magetsi, imadandaulira ndi matope ndi namasupuni zikatseka njira ya madzi, ndi chifukwa chimene dziko linakhalira mumdima namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 n'kuchotsa ma megawatt pafupifupi 130. Ndipo mawaya aakulu ochokera ku Phombeya, m'boma lanu lomwelo, kupita ku Nkhoma anamangidwa kuti azinyamula 400,000 V pa chifukwa chimene chili m'silabasi yako: voltage ikakwera, current yofunika kunyamula power yomweyo imatsika, ndipo kutentha kotayika m'waya kumadalira sikweya ya current.

Amalume ake akuti ndi phunziro la anyamata

FUNSO: Zikomo aphunzitsi. Mwana wanga wamkazi ali mu Fomu 2 ndipo akufuna kudzapitiriza Fizikisi mu Fomu 3. Amalume ake akumuletsa, akuti ndi phunziro la anyamata, komanso akuti n'lovuta ndipo lidzamukwezera mapointi pa MSCE. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Ndimuuze chiyani? Mayi wa ana anayi, Chikwawa.

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kufunsa musanagamule. Mfundo yoyamba ya amalume sitaya nayo malo ambiri: pepala la mayeso silidziwa ngati dzanja lolemba ndi la mnyamata kapena la mtsikana, ndipo Marie Curie analandira mphotho ya Nobel ya Fizikisi kale mu 1903. Mfundo yachiwiri ndiyo yofunika kuiona bwino, chifukwa ili ndi choonadi pang'ono chimene chasocheretsa mabanja ambiri.

Pa MSCE, phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Nambala 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pophatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa, choncho ochepetsetsa ndi 6. Amalume akuganiza kuti mwana akathawa Fizikisi n'kutenga maphunziro amene iwo akuwaona ngati osavuta, mapointi ake adzatsika ndipo adzasankhidwa. Koma bungwe la NCHE, limene limayendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, siliyang'ana mapointi okha. Pamwamba pa makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi, kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna. Mwana wa mapointi 10 wopanda Fizikisi sangalowe uinjiniya wa magetsi, wa makina kapena wa zomangamanga ku MUBAS ku Blantyre, ndipo zitseko zambiri zimamutsekekeranso ku MUST ku Thyolo, kumene amaphunzitsa uinjiniya wa zipangizo za kuchipatala ndi sayansi ya zanyengo, ku KUHeS kumene amaphunzitsa madokotala, ku LUANAR kumene kuli uinjiniya wa ulimi wothirira, womwe kwanu ku chigwa cha Shire mukuudziwa kufunika kwake, ndi ku Mzuzu University kumene kuli maphunziro a magetsi a dzuwa ndi a mphepo. Ngakhale amene sapita ku yunivesite, wojambula X-ray kuchipatala kapena woika magetsi m'nyumba wochokera ku sukulu ya ntchito zamanja, amadalira phunziro lomweli tsiku ndi tsiku. Aphunzitsi a sayansi nawonso ndi osowa m'sukulu zathu, ndipo makoleji a Domasi ndi Nalikule amawaphunzitsa.

Choti muone ndi masamu a mwanayo. Pitani kusukulu mukakumane ndi aphunzitsi ake a Masamu, muwafunse ngati amatha kusova ma equation, kusintha fomula kuti chilembo china chikhale pachokha, ndi kujambula girafu. Ngati amatha, musiyeni atenge. Ngati akutsalira pang'ono, mankhwala ake ndi kulimbikira Masamu pa tchuthi, osati kuthawa Fizikisi. Inuyo mbali yanu ndi yaikulu ngakhale mafomula simuwadziwa: mugulireni kalikuleta ya sayansi, bokosi la zida za masamu ndi mapepala a girafu, pakhale nyale yodalirika, ndipo koposa zonse ntchito za madzulo, kutunga madzi ndi kutsuka mbale, zigawidwe pakati pa iye ndi alongo ake. Nthawi zambiri chimene chimasiyanitsa mtsikana ndi mnyamata pa phunziroli ndi maola awiri a madzulo amene wina amakhala ndi kope, wina ali pamoto. Amalume muwafotokozere mwaulemu za makosi ndatchulawa, chifukwa nkhawa yawo ndi yofunira mwana zabwino.

Ndikufuna kulembanso

FUNSO: Ndinalemba MSCE kale, nthawi ya Physical Science, ndipo ndinapeza 7. Tsopano ndimagwira ntchito m'golosale koma ndikufuna kulembanso kuti ndipeze kirediti. Kodi manotsi anga akale angandithandize? Bambo wa zaka 29, Mzuzu.

YANKHO: Angakuthandizeni pang'ono, bambo, koma musawadalire. Silabasi imene inayamba ndi a Fomu 1 mu 2015 inagawa Physical Science kukhala maphunziro awiri, Fizikisi ndi Kemisitile, lililonse ndi mayeso ake, ndipo lililonse limalowa mozama kuposa kale. Pezani silabasi ya tsopano, mabuku a Fomu 3 ndi 4 ogwirizana nayo, ndi mapepala a mayeso a zaka zaposachedwa. Musanalipire pa sukulu yamadzulo iliyonse, funsani ngati ndi senta yovomerezeka ndi MANEB komanso kumene ophunzira ake amachitira practical. Ngati cholinga chanu ndi yunivesite, werengani chidziwitso cha NCHE cha chaka chimenecho, chifukwa ndi mmene amanena zaka za mayeso zimene akulandira ndi malamulo a amene analemba kangapo, ndipo mwina mungafunike kulembanso maphunziro ena pamodzi ndi Fizikisi.

A-Level kapena yunivesite ya kuno?

FUNSO: Ndamaliza Fomu 4 ndipo pa Fizikisi ndapeza 1. Azakhali anga amene ali ku Manchester akuti akhoza kundilipirira A-Level kuno kwathu kuti ndidzapite kukaphunzira uinjiniya kunja. Kodi n'koyenera, ndipo imasiyana bwanji ndi ya MSCE? Mnyamata wa zaka 18, Blantyre.

YANKHO: Wachita bwino kwambiri, mwana wanga. Yankho likudalira kumene ukufunadi kukaphunzira, ndi ngati azakhali adzakwanitse kulipira mpaka pamapeto, chifukwa ndalama ya A-Level ndi yochepa poyerekeza ndi ya yunivesite ya ku Britain. Mayunivesite a boma kuno amatenga ophunzira ndi MSCE, ndipo chaka chawo choyamba chimaphunzitsa zambiri za zimene anzako a A-Level amaphunzira, choncho ngati udzathera ku MUBAS kapena ku yunivesite ya ku Zomba, zaka ziwirizo sizofunika. Koma mayunivesite a ku Britain kawirikawiri amafuna A-Level kapena chaka chokonzekera cha komweko. Langizo langa n'lakuti ulembe fomu ya NCHE ndithu, kuti usataye njira imene ili kale m'manja mwako.

A-Level, maphunziro a dongosolo la ku Britain okonzekera yunivesite, imatenga zaka ziwiri ndipo ambiri amatenga maphunziro atatu. Kwa wofuna uinjiniya, Fizikisi ndi Masamu n'zosasiyanitsika. Kamuzu Academy ya ku Mtunthama, imene inatsegulidwa mu 1981, ndi sukulu zingapo za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zimaphunzitsa. Mitu yambiri uizindikira mayina ake, koma kafunsidwe kake ndi kena.  Pendulum, nati yolendewera pa ulusi ija, imene unangoyeza nthawi yake tsopano uyenera kufotokoza ndi masamu chifukwa chake imayenda motero. Half-life imene unkaipeza pogawa ndi 2 mobwerezabwereza tsopano imafuna ma logarithm. Ndipo pamabwera mitu yatsopano monga photoelectric effect. Pa practical sakhutira ndi nambala yokha, amafuna unenenso uncertainty yake, kuti 2.0 wako angakhale wolakwika ndi zingati. Ana amene anapeza 1 poloweza mapepala akale amavutika kwambiri teremu yoyamba, pamene amene anatenga Additional Mathematics amapepukidwa.

Mayeso a Cambridge a chaka choyamba ali ndi pepala lochitira mu labotale, choncho posankha sukulu pempha kuti akuonetse labotale yawo, ndipo ufunse kuti ana amalowamo kangati pa sabata komanso amagawana chipangizo chimodzi angati. Miyezi imene ukudikirayi uigwiritse ntchito pobwereza trigonometry, ma logarithm, ma vector ndi standard form mpaka uziwasova osayang'ana m'buku, chifukwa sabata yoyamba yomwe aphunzitsi adzayamba kuwagwiritsa ntchito osaima kuti afotokoze.